Mtengo Wake Uti?

"Mtengo wake uti, wamasamba kapena wapamsika?"

Azakhali anga anandifunsa funso limeneli singano ili kukamwa, ndipo ine ndinayankha mothamanga ngati akundichedwetsa kukalandira mendulo. Apo n'kuti nditangomaliza sukulu, ndipo ndinkafunitsitsa kuti wina aone kuti m'mutu mwangamu muli zinthu.

Azakhaliwa ndi telala. Kashopu kawo kali pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni: makina opalasa ndi mwendo, tebulo lodulirapo nsalu, ndi galasi long'aluka pakona. Chimene amatchuka nacho ndi mafunso. Ukapita kukasoketsa siketi amakuyeza kawiri, kenako n'kuyamba: ukavalira kuti, ukakhala pampando kapena ukavina, wabwera utadya kapena ayi? Makasitomala anawapatsa dzina loti Apolisi. "Apolisi inu, ndikungofuna zipi basi!" amadandaula mayi wina wobwerabwera. Iwo amaseka, n'kufunsa kuti zipi yake yotsegula kangati patsiku.

Mwana wawo, msuweni wanga, amagwira ntchito kunja. Amawatumizira ndalama za pa intaneti zija amati kiripito, ndipo azakhali ankazisunga kuti adzagule makina amagetsi, mawondo awo otupa aja adzapume. Msuweni atamva kuti anthu akuberedwa pafoni, anatumiza kachipangizo kakang'ono ngati fulashi ya pakompyuta, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani awiri. Anafotokoza kuti kiyi wa ndalamazo amakhala m'kati mwake osatuluka, ndipo ndalama sizingachoke mwini wake asanadine batani. Ukakayatsa koyamba kamakupatsa mawu achingelezi makumi awiri ndi anayi. Kakafa kapena kutayika, umalowetsa mawuwo m'kachipangizo kena motsatana bwino, ndalama n'kuonekanso. Koma wina akangowaona, basi zapita.

"Osajambula, osalemba m'foni, osauza ngakhale abusa," anatero msuweni pafoni. "Profesa ali pomwepo? Akuthandizeni, tione ngati fizi ija sinapite m'madzi."

Profesayo ndine, ndipo ndinatupa mtima ndi chimwemwe. Titalemba mawuwo papepala, nzeru inanditulukira yoti mpaka ndinadumpha. M'shopu mumalowa maso ambiri, ndiye bwanji tiwamasulire m'chilankhulo chathu? Wakuba akadzawapeza adzayesa ndakatulo ya mwana wa sukulu! Azakhali anawonjezera kuti pepala limadyedwa ndi makoswe, bola awapete pakansalu koyera n'kukasokerera m'kati mwa jekete lawo lakale. Ine ndinkamasulira, iwo akupeta. Galu, mlatho, nsomba. Pa mawu achisanu ndi chinayi m'pamene anandiimitsa ndi funso lija.

"Wamasamba, azakhali, tiyeni tifulumire!"

Titamaliza ndinatentha pepala lija ndekha, phulusa n'kulipondaponda monyadira.

Patapita miyezi isanu, azakhali anaviika epuloni yawo m'beseni kachipangizo kali m'thumba. Tinakaumika padzuwa masiku awiri, koma kagalasi kanangoti bii. Msuweni anatumiza kena, kamene kanafika Lachinayi, pomwe wogulitsa makina anali atanena kuti akawasunga mpaka Loweruka chifukwa panali winanso wowafuna.

Tinatseka shopu masanasana, azakhali n'kusomola jekete lija. Ine ndinakhala pampando wa makasitomala ngati dokotala. Poyamba zinkayenda bwino zedi, chifukwa ukalemba zilembo zoyamba kachipangizoko kamakusonyeza mawu amene kamawadziwa. Galu analowa, mlatho unalowa. Nditafika pa mtengo, chala chinauma. M'Chingelezi mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu ndi mawu awiri osafanana n'komwe, ndipo onse awiri kankawadziwa. Funso lija ndinali nditaliiwaliratu. Ndinaganiza kuti poti nkhani yake ndi ya ndalama, ndi wapamsika. Kutsogolo ndinakumananso ndi mwezi. Wakumwamba kapena wapakalendala? Ndinasankha wakumwamba, n'kumaliza onse.

Kachipangizo kanakana.

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. M'maganizo ndinaona mawondo a azakhali akupalasabe makina akale aja mpaka ukalamba, chifukwa cha ine ndi ndakatulo yanga.

"Azakhali, ndakuphani," ndinatero.

"Undiphe bwanji ndisanamalize diresi la eni ake? Tabweretsa kansaluko."

Anakatambasula pawindo. Mawu onse anali a ulusi wakuda, kupatulapo amodzi. Mtengo unali wobiriwira.

"Unati wamasamba, Profesa. Ine chimene kasitomala wandiyankha ndimachiika chizindikiro, pakuti mawa lake amakana."

Ndinakuwa mpaka tepi yoyezera inagwa pamsomali. "Nanga mwezi? Mwezi muli ndi chizindikiro?"

"Pamenepo sindinafunse, kunalowa mayi uja wa zipi. Tiyesa kawiri ngati diresi la mkwatibwi."

Ndinayambiranso, mabatani awiri aja akundizunza chilembo ndi chilembo. Mtengo wamasamba, mwezi wakumwamba: kanakananso. Azakhali sanaphethire n'komwe, anangoti, "Pinda mbali inayo." Mtengo wamasamba, mwezi wapakalendala. Kagalasi kanaganiza pang'ono, kenako kanavomera. Titakalumikiza ku foni, ndalama zonse zinali phee pamalo pake!

Azakhali anaiwala mawondo. Anavina kuzungulira tebulo, lumo lili m'manja, ine ndikuimba ng'oma pachivundikiro cha makina. Wometa tsitsi anagogoda, kasitomala wake wometedwa theka ali pambuyo.

"Apolisi, kwagwanji?"

"Tapeza singano imene inasowa," anayankha azakhali, n'kukankhira kansalu kaja pansi pa nsalu zina.

Msuweni atamva anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandikalipira bwinobwino. Anatiuza kuti tipange mawu atsopano n'kusamutsira kumeneko ndalama zotsala tikagula makina, choncho amene mwawerenga galu ndi mlatho musavutike kufunafuna jekete. Atsopanowo azakhali anawapeta m'Chingelezi momwe alili, akundifunsa chilembo chilichonse kawiri, ndipo sindinapsenso mtima. Makina anafika Loweruka. Amalira ngati njuchi, ndipo azakhali amawapukuta kuposa galasi lija.

Ndinkafuna kulemba nkhani yosonyeza mmene ndinapulumutsira ndalama za azakhali, anthu andidziwe. Ndayesa katatu, koma paliponse ulusi wobiriwira uja ukutulukira. Ndiye ndaganiza chonchi: makina akale opalasa aja sagulitsidwa. Ndawapempha, ndipo Lolemba ndikukakhalapo ineyo. Azakhali ati mwezi woyamba sindikhudza lumo, ntchito yanga idzakhala tepi ndi mafunso. Ndinavomera, koma ndisanatero ndinawafunsa kuti mwezi wake uti.