Chingwe cha Kapitawo

Ndikukumbukira kuti linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni, cha m'ma 3 koloko masana, pamene ndinaona amuna awiri atanyamula thumba lomanga kukamwa akulowera ku ngalande yaikulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Hara, m'boma la Karonga, kumene bambo anga, munthu wa ku Ntcheu, ankagwira ntchito ya ulangizi pa sikimu ya mpunga. Thumbalo linkagwedezeka pang'ono, koma m'katimo simunkamveka kulira.

Munali Kapitawo, mphaka wa a Msiska.

A Msiska anali munthu wokalamba amene ankatsegula ndi kutseka zitseko za madzi m'ngalande za sikimuyo. Ankakhala okha kutsidya kwa ngalande, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mphaka wawo anamutcha Kapitawo chifukwa m'masiku ake ankawatsogolera m'malire a minda, mchira uli m'mwamba, ngati kuti woyendera ntchitoyo ndi iye. Ndikamachokera kusukulu, a Msiska ankandilola kuzunguza chitsulo chotsegulira madzi, mphakayo atakhala poteropo kumatiyang'ana.

Atamwalira, abale awo anabwera kuchokera ku Iponga kudzagawana katundu. Anatenga njinga, wailesi, makasu, jekete, malata ndi chitseko chomwe. Mphaka palibe amene anamufuna. Anali atakalamba kwambiri moti anyamata ometa ndevu ankati ankamuona iwo asanayambe sukulu. Kunalinso manong'onong'o akuti mphaka amene wakhala zaka zonsezo ndi munthu wopanda mkazi amadziwa zambiri. Abalewo anagwirizana zomuponya m'madzi.

Ndinathamangira kwa bambo, amene ankamata chubu cha njinga pakhonde. Anandimvetsera, anapukuta manja, n'kunyamuka. Anayankhula ndi amuna aja m'Chitumbuka chawo chothyokathyoka, ndipo amunawo anaseka n'kuwapatsa thumbalo. Koma bambo sanandipatsire pomwepo.

"Lameki, uyu si chidole," anatero. "Sadzagwira khoswe ndipo sadzasewera nawe. Ukamutenga, ndi wako mpaka tsiku lake lomaliza. Wamva?"

Ndinati ndamva. Zoona zake n'zakuti ndinangomva mawu akuti ndi wako.

Titamasula thumba, Kapitawo anatuluka pang'onopang'ono, osathawa. Ubweya wake, umene kale unali wakuda bii, unali utayera kukamwa ndi m'mbali mwa makutu. Diso limodzi linali ndi ng'ala. M'kamwa munatsala dzino limodzi lalitali. Ndikamusisita pamsana ndinkawerenga mafupa ndi zala. Ankanunkha utsi ndi fodya wa a Msiska.

Kumusamala ndinaphunzira molakwitsalakwitsa. Tsiku loyamba ndinamupatsa usipa wouma wathunthu, anaunyambita n'kuusiya. Mayi ndi amene anandionetsa kuti ndiziusinja m'kamtondo ka tsabola, nditakatsuka bwino, kenako ndiziunyika m'madzi ofunda mpaka ufewe ngati phala. Lachitatu ndi Loweruka kunkabwera a NyaGondwe, mayi wamasiye amene ankagulitsa mkaka wa ng'ombe zawo, ndipo ankandithirira pang'ono m'chivundikiro cha poto, kunena kuti a Msiska anawatsegulirapo madzi chaka china mpunga wawo utatsala pang'ono kupserera. Madzulo aliwonse ndinkamuchotsa utitiri ndi chipeso chothyoka. Ndinkamupukuta manthongo ndi kansalu konyowa. Ankagona pachiguduli m'khitchini, pafupi ndi mafuwa, ngakhale m'miyezi imene Karonga amatentha ngati ng'anjo.

Khoswe sanagwirepo ngakhale mmodzi. Nthawi yokolola, matumba a mpunga ataunjikidwa m'chipinda, makoswe ankadutsa pamphuno pake penipeni, iye n'kungotsegula diso labwino lija n'kulitsekanso. Mayi ankati m'nyumba mwathu muli kapitawo weniweni, wongoyang'anira ntchito ya ena. Anzanga kusukulu ankanditcha namwino wa mphaka, ena ankafunsa ngati usiku ndimakwera naye lichero. Ndinamenyanapo ndi mmodzi chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ndinagonja.

Komabe ndinali ndi zanga zimene iwo sankazidziwa. Ndikakhala pansi kuwerenga, Kapitawo ankadzuka movutikira, n'kubwera kudzatsamiritsa mutu pa phazi langa. Pakhosi pake pankalira kaphokoso kothethekatheka, ngati injini ya chigayo ikamazima. Kunyumba kwathu kunalibe mwana wina. Mlongo wanga anamwalira ali wakhanda tisanachoke ku Ntcheu, ndipo nkhani yake sinkakambidwa. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ndinamugwira mphakayo mwamphamvu choncho.

Tinakhala naye zaka ziwiri ndi miyezi isanu.

Mu Novembala wa chaka chachitatucho, mvula isanagwe, anayamba kusiya chakudya. Ankanyambita madzi okha a usipa. Tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza chiguduli chili chokha. Ndinamufunafuna paliponse, mpaka ndinawoloka ngalande pa thabwa limene linali mlatho wathu, n'kumupeza kubwinja la a Msiska. Nyumbayo inali itagwa mbali imodzi, m'kati mutamera chisoso. Kapitawo anali atagona pakhonde, pamalo pamene pankakhala mpando wa mwini wake. Zaka ziwiri zonsezo sanapiteko ngakhale kamodzi.

Ndinamunyamula kubwerera naye kwathu. M'mawa mwake anapitanso. Ndinakamutenganso. Tsiku lachitatu ndinamupeza ali pakati pa thabwa lija, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, madzi akuthamanga pansi pake.

Ndinachita mantha, ndipo mantha anga anali ndi zifukwa zake. Akanatha kugwera m'ngalande. Agalu akanamupeza. Ndinkadziwanso zimene ana akanachita ataona mphaka wakuda atakhala pabwinja la munthu wakufa: akanamugenda mpaka kumupha, ndipo akuluakulu sakanawaletsa. Ndinang'amba mpendero wa chitenje chakale cha mayi, ndinamumanga m'khosi mosathinitsa, mbali inayo n'kumangirira ku mwendo wa tebulo la m'khitchini. Ndinamuikira madzi ndi usipa pafupi. Ndinapita kusukulu mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu wosunga lonjezo.

Anakhala pachingwepo masiku atatu. Sanalire. Ankangoyenda mpaka pamene chingwe chathera, n'kuima atayang'ana kukhomo, khosi litakokeka. Akatopa ankagona pomwepo, chingwe chili chokungika. Ndikamubwezera pachiguduli, ankadzuka n'kuyambiranso. Mutu wake sanautsamiritsenso pa phazi langa.

Loweruka masana a NyaGondwe anabwera ndi mkaka. Analowa m'khitchini kuti athire m'poto, ndipo anaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi pa tebulo. Kenako anawerama n'kutukula ubweya wa m'khosi mwa mphakayo. Pansi pa nsaluyo panali patanyuka, pofiira. Ine ndinali ndisanaone.

"Mwana wane, wamumangiranji?" anandifunsa.

Ndinafotokoza za ngalande, za agalu ndi za miyala. Anamvetsera zonse, akugwedeza mutu ngati akuvomereza. Kenako ananena, m'Chichewa chawo chosakaniza, kuti mphaka akamva kuti nthawi yakwana amasankha yekha pogona, ndipo ngakhale ng'ombe yokalamba saikokera kudambo imene yakana. Anati uyu sakukuthawa iwe yayi, akupita kwawo.

Ndinayankha mwamwano, zimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu wamkulu. Ndinati kwawo ndi kuno, ndine ndimamudyetsa. Bambo anali pakhonde ndipo anamva. Ndinayembekezera ndodo. M'malo mwake anabwera n'kuima pakhomo la khitchini, manja ali kumbuyo.

"Unalonjeza kumusamala," anatero motsitsa mawu. "Sunalonjeze kuti safa. Zimenezo palibe anakupempha."

Anabwerera pampando wawo, ndipo a NyaGondwe anasenza chigubu chawo n'kumapita. Palibe amene anandilamula kuti ndimasule. Ndinakhala pansi m'khitchinimo mwina ola lathunthu. Mfundo ya m'khosi mwa mphakayo inali itathina chifukwa cha kukoka, moti ndinachita kudula ndi mpeni.

Ndinatsegula chitseko n'kuima pambali. Kapitawo anadzuka, anayenda mapazi anayi kapena asanu, miyendo yakumbuyo n'kupinda. Anayesanso, anagwanso. Masiku atatu m'mbuyomo akanatha kukafika yekha. Mphamvu imene anasungira ulendo umenewo anaithera pa chingwe changa.

Ndinamukulunga m'chiguduli chake n'kumunyamula. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinawoloka thabwa lija pang'onopang'ono, dzuwa likuwotcha m'khosi, minda ili gwaa kudikira madzi. Pabwinja paja ndinamuika pakhonde. Ananunkhiza dothi, anadzikoka pang'ono mpaka pamalo pa mpando paja, anazungulira theka n'kugona. Ndinakhala pambali pake nditanyamula ndodo, kuopera agalu. Patapita nthawi ndinasendeza phazi langa pafupi ndi mutu wake. Sanalitsamire, koma sanalithawenso. Kaphokoso ka pakhosi kaja kanamveka kamodzi, mwapansipansi.

Dzuwa litapendeka mayi anandiitana ali kutsidya. Ndinadula nthambi za minga n'kutchinga mbali zonse za khondelo, ndinasiya madzi m'chivundikiro chija, n'kubwerera kwathu.

Papita zaka zoposa makumi atatu. Ndasamalapo odwala angapo, ndipo ndaona kuti mantha a wosamala amafanana kwambiri ndi chikondi, moti mwini wake sasiyanitsa. Zifukwa zanga zonse zomangira mphaka uja zinali zoona, koma chifukwa chenicheni sindinachitchule kwa a NyaGondwe: sindinkafuna kupeza chiguduli chili chokha. Bambo atadwala matenda awo omaliza ku Mzuzu, kumene ndimagwira ntchito, anayamba kupempha kuti tiwaperekeze ku Ntcheu. Mkazi wanga ndi madokotala anali ndi zifukwa zabwino zowakaniza, ndipo inenso ndinali nazo. Ndinapeza galimoto sabata yomweyo, akadali ndi mphamvu zotsika okha n'kuyenda mpaka pakhonde la kwawo. Sitinakambirane za Kapitawo pa ulendo wonsewo. Sindikudziwa ngati ankamukumbukira.

Koma za tsiku lija ku Hara, m'mawa mwake linali Lamulungu. Ndinadzuka anthu asanayambe kukonzekera za kutchalitchi, ndinatenga khasu la bambo kuseri kwa chitseko, n'kuwoloka ngalande. Minga inali momwe ndinaisiyira. Kapitawo anali pamalo pomwe paja, atauma kale, nyerere zitayamba kufika m'makutu. Ndinazichotsa ndi kansalu kopukutira manthongo kaja. Dothi la Novembala linali louma ngati mwala, ndipo dzenjelo linanditengera nthawi yaitali. Ndinamuika m'chiguduli chake, pansi pa khonde la a Msiska, n'kukwirira, pamwamba n'kusanjapo zidutswa za njerwa za nyumba yakugwayo.

Nditabwerera kunyumba ndinalowa m'khitchini. Theka la chingwe chija linali likadali pa mwendo wa tebulo. Ndinagwada n'kuyamba kumasula mfundoyo ndi zikhadabo. Mayi anandipatsa mpeni, ndinakana. Anandisiya, ndipo onse anapita kutchalitchi popanda ine.