Foni Yomwe Ndinati Yangozima Yokha

Foni yomwe achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Joni sinazime yokha ayi. Ndinaibisa m'jombo pothyola tiyi kuopa akapitawo, mvula n'kudzaza jomboyo.

Wokonza mafoni ku Limbe anangondibwezera pepala la waranti, lolonjeza kuikonza ulere ikawonongeka yokha. "Ili limagwira komwe foniyi inagulidwa, mayi, osati kuno."

Ndiye ndinaipatsira munthu wopita ku Joni, n'kuwaimbira achimwene pafoni yobwereka. "Yangozima yokha," ndinatero.

Iwo anajomba kuntchito, nakakangana ndi eni shopu yomwe anaigulako pondiikira kumbuyo, mpaka foniyo inatsegulidwa pamaso pawo. M'kati munali dzimbiri lokhalokha.

Sanandikalipire. Inangobwera foni ina, yokulungidwa m'mapulasitiki atatu, ndi kakalata: "Achemwali, paja nanenso ndinathyolapo tiyi." Mpaka lero sindinayankhe.