"Sindinamve" si mwano

Lachiwiri lapitali Tiyanjane, mwana wanga wa Sitandade 3, anabwera kuchokera kusukulu osaimba. Mwana ameneyu timamudziwa kuti wafika asanaoneke, chifukwa nyimbo imayamba kumveka akadali kuseri kwa mitengo ya paini. Tsiku limeneli anangolowa mwakachetechete, kuponya chikwama pakhonde, n'kukhala pansi.

"Ababa, aphunzitsi akuti mubwere mawa."

"Walakwanji?"

"Ndinati sindinamve."

"Sunamve chiyani?"

"Masamu ogawa."

Ndinadikira kuti apitirize, poganiza kuti mlandu weniweni ukubwera kumbuyo. Mwina wamenya mnzake, mwina waswa zenera. Ayi ndithu, mlandu unali womwewo. Anati aphunzitsi atsopano anamuimika kutsogolo, nkhope kubolodi, n'kuuza kalasi yonse kuti uyu ndiye mwana wosamva. Atamaliza kufotokoza anapukuta mphuno ndi juzi n'kunena mawu amene anandibaya pamtima: "Kuyambira mawa ndizingoti eee."

Kuti mumvetse chimene chinandipweteka, ndiyambe ndakuuzani za Mayi Chimphamba. Iwowa ndi amene akhala ndi kalasi ya Tiyanjane kuyambira Sitandade 1 pasukulu yathu ya kuno kufupi ndi Bembeke. Mayi wamfupi, wa njinga yakale yolira tcheni, wosadziwa kukalipa. Anali ndi chinthu chimodzi chimene ankadana nacho: akafunsa kuti "Mwamva?" ana onse n'kuyankhira pamodzi kuti "Eeee!" Ankati eee wa gulu ndi bulangete, aliyense amabisalamo. Ndiye anaika lamulo lawo. Mwana amene sanamvetse azikweza dzanja n'kunena kuti "Sindinamve, Madamu," ndipo anzake onse azimuombera m'manja, chifukwa wafunsira ena amene akuopa.

Poyamba ife makolo tinaona ngati zachibwana. Koma zinafika mpaka kunyumba. Amayi ake akamutuma kugolosale n'kumufunsa kuti wamva, Tiyanjane ankayankha kuti, "Sindinamve, mubwereze," ndipo anasiya kubwera ndi machesi atatumidwa mchere. Tsiku lina anaswa kapu ya alendo palibe womuona, n'kubwera nazo yekha zidutswa m'manja. Azakhali ake atamva mayankhidwe akewo anagwira pakamwa, amvekere, "Achimwene, mwanayu mukumulera bwanji?" Ine ndinkangoseka. Kunena zoona, ndinkanyadira.

Mwezi uno Mayi Chimphamba awasamutsira kusukulu ina kutali ndi kuno. Ahedi amene tinawazolowera nawonso apuma pantchito, kwabwera ena. Zonsezi zachitika ngati mphepo, ana kutseka Lachisanu ndi aphunzitsi awa, kutsegula Lolemba ndi ena.

Lachitatu m'mawa ndinanyamuka nditapsa mtima. Nkhungu inali itatseka njira yonse, kuzizira kwake kuja kwa Juni kolowa mpaka m'mano, koma ine thukuta kamukamu. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndikawafunsa kuti anaphunzira kuti uphunzitsi. Ndikawauza kuti mwana wanga si wamwano, ndipo ngati akufuna kuona mwano auona lero kwa bambo ake. Amayi a Tiyanjane anandikuwira ndili pachipata kuti, "Mukalankhule ngati munthu wamkulu, inu!" Ndinachita ngati mphepo yawatenga mawuwo.

Nditafika anandilozera aphunzitsiwo, a Mafunga. Abale inu, mkwiyo wanga unayamba kuchucha pomwepo. Ndinkayembekeza chimunthu cha ndevu, koma ndinapeza mnyamata wongotuluka kumene kukoleji, wavala jekete pamwamba pa jekete linzake, manja wabisa m'khwapa, milomo yachita kuuma. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundikokera mpando panja pa kalasi pomwe panali kadzuwa.

"Bambo, zikomo kuti mwabwera," anayamba motero. "Ine kwathu ndi ku Chikwawa. Ndikudziwa kuti Chichewa changa si cha kuno, ndipo ndimalankhula mothamanga. Koma ndabwera kudzaphunzitsa, osati kudzasekedwa."

"Akukusekani ndani, aphunzitsi?"

"Mwana wanu ndiye mtsogoleri. Ndikafotokoza masamu, ndikufunsa kuti mwamva, iye dzanja m'mwamba: sindinamve. Ndiye anzake onse, phwa phwa phwa, m'manja! Lolemba ndinapirira. Lachiwiri wabwerezanso, m'manja mwakenso momwemo. Bambo, ndi chipongwe chimenechi. Akundiuza kuti sindikumveka, ndibwerere kwathu, abwere Madamu awo."

Mundikhululukire, ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, mnyamata wa eni ake akundiyang'ana modabwa. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Nditapeza mpweya ndinawafotokozera za lamulo la Mayi Chimphamba, kuti m'manja muja saombera kunyoza mphunzitsi, amaombera mnzawo amene walimba mtima kunena zoona.

A Mafunga anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine. Palibe anandiuza. Anangondipatsa makiyi a kabati ndi bokosi la choko." Anayang'ana kukhomo la kalasi. "Ndiye mwana uja ndamuchititsa manyazi chifukwa chonena zoona?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawakonda pomwepo. Munthu wouma mtima safunsa funso lotere.

Pobwerera kunyumba ndinkaganiza za liwu limeneli, kumva. Chichewa chathu chinalisenzetsa katundu wambiri. Kumva ndi khutu ndi kumva. Kumvetsa phunziro ndi kumva. Kuchita zimene akulu anena ndi kumvanso. Ndiye mwana akati "sindinamve," iye akunena za masamu, koma khutu la munthu wamkulu limamva kuti "sindikumverani." Kuchoka pa "sindinamve" kufika pa "wosamva" ndi pafupi kwambiri, ndipo ana athu amazindikira msanga kuti njira yopulumukira ndi eee.

Tikamati ana a masiku ano ndi abodza, bodzalo amaliphunzira kuti? Timaganiza kuti bodza limayamba tsiku limene mwana wanyambita shuga n'kukana. Ayi. Limayamba tsiku limene tamufunsa kuti "Wamva?" ndi mawu oti yankho lake ndi limodzi basi. Iye amayang'ana nkhope yathu, n'kutipatsa chimene tikufuna. Ife n'kumati koma mwanayu ndi waulemu.

Ndipo timakula nazo. Pitani kuchipatala mukaone. Adokotala afotokoza kamwedwe ka mankhwala, afunsa kuti mwamva, gogo wamkulu ndi imvi zake ayankha kuti "Eya, ndamva," n'kutuluka kukafunsa mlonda wa pageti kuti kodi awa ndimwe kangati. Alangizi akabwera kudzatiphunzitsa kupopera mbatata ya kachewere, tonse timagwedeza mitu ngati tamvetsa. Iwo akangokwera njinga yamoto, timayamba kufunsana kuti paja anati tisakanize bwanji. Wina amathira mankhwala ochuluka n'kuwotcha munda wonse, chonsecho mwayi wofunsa unalipo. Tinaopa chiyani? Kuoneka mbuli, komanso kuoneka ngati tikunyoza mlendo amene wavutika kubwera.

Ulemu ndi wabwino, ine sindikutsutsa. Ndine wa kuno, ndipo mwana wanga akapatsa munthu wamkulu chinthu ndi dzanja limodzi ndimamudzudzula. Koma ulemu umene umatuma mwana kunena kuti wamvetsa pamene sanamvetse, umenewo ukumubera mwanayo. Adzafika Sitandade 8 akuti eee, mayeso n'kudzamufunsa payekha, popanda gulu lobisalamo.

Za kusamutsa aphunzitsi sindikudandaula. Mayi Chimphamba ana a kumene apitako akuwafunanso, ndipo a Mafunga anayenera kuyambira penapake. Chimene chikundiwawa ndi kasiyiranidwe kake. Timasiyirana makiyi, mabuku ndi choko, koma chimene mphunzitsi wamanga m'mitima ya ana kwa zaka sitisiyirana. Kodi chikanavuta n'chiyani kuti wochoka ndi wobwera akhale limodzi m'kalasi ngakhale m'mawa umodzi, wina aone mmene mnzake amachitira ndi ana? Ngati zimenezo n'zosatheka, nanga ife a komiti ya sukulu ndi makolo tinali kuti? Tinapita kukatsanzikana ndi Madamu, tinawapatsa nkhuku ndi thumba la kachewere, tinaimba mpaka mawu kusasa. Koma palibe mmodzi wa ife anaganiza zopita kwa mnyamata watsopanoyo kukamuuza kuti, aphunzitsi, ana awa ali ndi kachitidwe kawo, musadabwe. Tinamusiya alowe yekha m'kalasi, akunjenjemera ndi chisanu, n'kulandiridwa ndi m'manja mosadziwika chifukwa chake.

Lachinayi a Mafunga anachita chinthu chimene akuluakulu ambiri sitichita. Anaima pamaso pa ana n'kuwauza kuti sankadziwa za lamulo la Madamu, kuti analakwitsa, ndipo lamulolo lipitirire. Ndinamva zimenezi kwa iwo eni Lachisanu madzulo, titakumana pamsika akusankha chipewa cha ubweya pa kaunjika.

"Ndiye zatheka?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu. "Bambo, ndafotokoza masamu ogawa aja, ndafunsa kuti mwamva. Onse: eeee. Ndati amene sanamve akweze dzanja, sindikwiya. Palibe. Ndayang'ana Tiyanjane, iye maso pansi. Ndapereka ntchito, theka la kalasi lalakwa." Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Zimene Madamu anamanga zaka zonsezi, ine ndagwetsa tsiku limodzi."

Ndinawalimbitsa mtima kuti ana saiwala msanga, koma sasunganso mkwiyo nthawi yaitali. Ndinawalonjeza kuti ndikalankhula naye mwanayo.

Loweruka tinali kudimba, ine ndi Tiyanjane, tikuthirira kabichi. Ndinaika kheni pansi n'kumukhazika pamzere. Ndinamufotokozera zonse bwinobwino: kuti aphunzitsi ake ndi munthu wabwino, kuti ndi mlendo kuno, kuti anaganiza kuti mukuwaseka, kuti tsopano adziwa ndipo akudikira dzanja lake Lolemba. Ndinalankhula ngati wansembe pa ulaliki, mpaka ndinadzimva ndekha kuti ndalankhula zanzeru. Pomaliza ndinafunsa, monga timafunsira tonse:

"Wamva?"

Mwana uja anandiyang'ana kumaso, kuyang'ana kofufuza, kofuna kudziwa kuti bambo awa akufuna yankho liti. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Ndinene zoona, ababa?"

"Nena, mwana wanga."

"Sindinamve. Ngati ndinachita bwino, anandiimikiranji kutsogolo? Nanga ndikakweza dzanja kukabwera aphunzitsi enanso atsopano, sadzandiimikanso?"

Ndikanamuuza kuti sizidzachitikanso, ndikanakhala ndamunamiza, pamene nkhani yonseyi ndi yoti iye asamaname. Ndinangomukokera pafupi n'kumuuza kuti mwina adzamuimikanso, ndipo tsiku limenelo ine ndidzabweranso kusukulu. Anagwedeza mutu pang'ono n'kunyamula kheni yake.

Kaya akweza dzanja Lolemba, kaya sakweza, sindikudziwa. A Mafunga akudikira, inenso ndikudikira. Koma chimene chandikhala pamtima si mafunso ake otsiriza aja ayi, ndi loyamba lija. Sabata yatha mwana ameneyu akanangonena. Lero wayamba wapempha chilolezo kwa bambo ake omubereka kuti anene zoona.

Inu amene muli ndi ana kunyumba, madzulo ano mukawafunsa kuti "Wamva?" n'kukuyankhani msangamsanga kuti eee, mudziwa bwanji kuti amvadi, osati angokuopani?