Uthenga wa pa Njinga ya Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anagonekedwa m'chipatala ku boma. Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe, ndipo inali nyengo yothyola. Mayi anapita kukadwazika matenda, ife ana tinatsala ndi amalume.

Tinkaswera m'chigafa kusoka fodya. Manja ankada bii ndi utomoni, moti ngakhale mbatata yootcha inkawawa m'kamwa. Amalume ndiwo anali ndi njinga, choncho ndiwo ankapita kukazonda. Ndikangomva belu lawo ndinkataya singano n'kuthamanga.

"Ali bwanji bambo?"

"Akupezako, amwa phala. Iwe kasoke, masamba sadikira munthu."

Ulendo wina anati bambo akhala tsonga. Wotsatira anati ayamba kuyenda ndi ndodo, mpaka akukalipira anamwino. Apo ndinaseka, chifukwa bambo analidi okalipa. Nditapempha kuti andikweze pakaliyala ndikawaone, anati ndisavutike, atuluka posachedwa. Kenaka m'mawa wina inafika lole ya esiteti itanyamula maliro a bambo, mayi ali kumbuyo, atafunda chitenje kumutu.

Nditakula, mayi anandiuza kuti bambo sanadzukepo pamphasa imene anagonekedwa m'chipatala muja, ndipo ankandiitanitsa. Maulendo ena amalume sankafika n'komwe kuchipatala, ankathera pamsika. Ankaopa kuti tikadziwa zoona tisiya ntchito, fodya n'kuolera m'munda.

Lero ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta. Pulogalamu ikamagwira ntchito yaitali kuseri, monga kusamutsa mafayilo, pamafunika kamzere kosonyeza pamene ntchitoyo yafika. Tsiku lina mnyamata amene ndimagwira naye anati, "Akulu, bwanji tingokapanga kuti kaziyenda kokha? Anthu akaona kakusuntha mtima umakhala m'malo, satiimbiranso foni."

Ndinakana. Ndinati kamzereko kazisuntha pokhapokha ntchito ya kuseri ija yatumiza mawu kuti yatha gawo lakuti. Ikaima, nako kaime. Ikalephera, kanene msanga, munthu aone chochita nthawi ikadalipo.

Zinthu zinasintha. Masiku ano mwana amamva yekha mawu a bambo ake pafoni, ngakhale atafooka chotani, ndipo wa njinga sangamunamize. Mnyamata uja amati ndimalimbikira tinthu tosafunika, ndipo sindinamufotokozere chifukwa chake. Kuchokera ku Santhe kukafika ku boma ndi mtunda ndithu, koma amalume akadandiuza zoona ndikadapita wapansi.