Matayala Amene Ndinavomereza

Ndimakumbukirabe kulira kwa pampu mu shopu ya njinga ku Walsall, fuu, fuu, pamene bambo Mbewe, mkulu wa kumpingo kwathu, ankasisita matayala osalala.

Njinga yawo yamagetsi ya m'mapiri ankapitira kuntchito, kudutsa njira ya m'mbali mwa ngalande, pena phula, pena matope. Ananditenga ine chifukwa ndinali nditawerenga za matayala sabata yonse. Ndinkadziwa kuti oyenera ndi a mano apakatikati, ogwira paliponse, olimba m'mbali poti batire imalemera.

"Awa ndiye othamanga," anatero bambo Mbewe, dzanja lili pa osalala aja. "Si choncho, mwanawe?"

Agogo amene anandilera ankati wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo wogulitsa anali ataima pomwepo. Ndinati, "Eya, bambo."

Bambo Mbewe anagula osalala omwewo. Patatha milungu iwiri anaterereka pamatope, mkono n'kuthyoka. Ndinakawazonda ndi malalanje, ndinamwa tiyi wawo makapu awiri, osatchula za matayala aja.

Lamlungu anandipeza pakhomo la tchalitchi, mkono uli mu pulasitala.

"Ine za njinga ndasiya. Uzikwera iweyo, ndiwe umazidziwa zimenezi."

Anandiika kiyi wa batire m'manja n'kupita kukadikira basi.