Mfumu Itsogole, Kamsilikali Katsate

Dzulo pa Mitundu ndinadutsana ndi ngolo ya fodya, ndipo fungo lake linandibwezera m'chigafa cha bambo anga ku Nathenje.

M'chigafamo ndi momwe ankandiphunzitsira tchesi, pa katoni yomwe anajambulapo mabokosi ndi khala. Tizidole tosewerera anasema okha. Kamsilikali kamodzi katasowa, tinkaikapo chitsekerero cha botolo.

Tsiku lina ine ndinatsala ndi mfumu ndi chitsekererocho, iwo mfumu yokha. Ndinatambasula dzanja kuti ndikankhe kamsilikali kathamangire kumapeto, kakasanduke mfumukazi.

"Iwe, phuma lako lomwelo," anatero akutsokomola. "Kakapita kokha, mfumu yanga ikadya. Yako itsogole, iyang'anizane ndi yanga, pakati patsale bokosi limodzi. Ukatero ine ndipatuka, ndifune ndisafune, njira ndi yako. Kamwanako kazibwera pambuyo."

Ndinasuntha mfumu monga ananenera. Anamwetulira, koma chifuwa chinawagwiranso, ndipo kansalu komwe anatsekera pakamwa kanafiira. Amayi anathamanga kukabwereka ngolo kwa aneba.

Akuwakweza, anandikodola. "Usasokoneze pamenepo. Yosuntha ndi nthawi yanga. Tidzamaliza ndikabwerako kuchipatala."

Ndinakhala pansi pa fodya wolendewerayo tsiku lonse, ndikuingitsa nkhuku kuti zisaponde katoni. Dzuwa litapendeka, ngolo ija inatulukira, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono. Amayi anatsika atafunda chitenje kumutu, azimayi a m'mudzi n'kuyamba kulira. Ine ndinali nditapanikizabe katoniyo ndi manja onse awiri, kuti mphepo isagwetse mfumu yawo.