Ndinapopera Chidede cha Apongozi Mankhwala a Thonje

Inu owerenga, ine ndinawononga dzina la apongozi anga aamuna chifukwa cha ulesi ndi kudzimva kuti ndine wophunzira. Mpaka lero ndikakumana nawo panjira maso anga amathawira pansi.

Ndine mphunzitsi. Ananditumiza ku Tembwe kuchokera ku Chipata, ndipo ndinakwatira komweko. Apongozi anga anali ndi kamunda ka chidede kuseri kwa nyumba. Zikhokho zake zofiira zija ankapangira vinyo wopepuka, wofiirira pang'ono, wosaledzeretsa msanga. Anamwino ndi a m'maofesi ku Chama ankachita kuitanitsa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti m'munda umenewo simulowa feteleza kapena mankhwala. Ankathiramo manyowa a mbuzi ndi phulusa basi. Tizilombo tikabwera ankasinja masamba a mtengo wa nimu, kuviika, n'kumawaza m'mawa uliwonse. Akakolola sankatsuka chidedecho, ankati mphamvu yowiritsa vinyo imakhala pakhungu pake.

Ine mumtima ndinkaseka kuti zimenezi n'zachikale. Koma mkamwini satsutsa apongozi pamaso, ndiye ndinkangovomera.

Chaka china, kukolola kutayandikira, nsabwe za m'masamba zinadzaza m'munda. Nthawi yomweyo kunagwa maliro ku Chifunda, apongozi n'kupitako kwa sabata yathunthu. Anandisiyira munda, nandipempha kuti ndiziwaza nimu. Ndinasinja masiku awiri, manja n'kuchita matuza, nsabwe zili chilili. Tsiku lachitatu ndinabwereka mpope wopoperera mbewu kwa mnansi wathu wolima thonje, mankhwala otsala ali momwemo, ndinapopera munda wonse. Pofika mawa lake nsabwe zonse zinali zitafa.

Atabwerako anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino. Ndinamwetulira, abale. Tinakolola patangopita masiku ochepa, ndipo ndinaona ndi maso anga chidede chikulowa m'zigubu chosatsuka. Ndinadzinamiza kuti poizoni adzatha yekha vinyo akamawira.

Patapita miyezi iwiri, vinyo woyamba anapita ku ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo wathu. Phwando lisanathe anthu anayamba kusanza ndi kuchita chizungulire. Ena anawatengera kuchipatala, ndipo mayi wina, namwino amene ankagula kwa apongozi zaka zonsezi, anagona masiku anayi. Mulungu anathandiza, palibe anamwalira.

Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anaitana apongozi kuti afotokoze. Anaimirira pamaso pa anthu, atagwira Baibulo, n'kulumbira kuti chiyambire kulima, mankhwala sanakhudzepo munda wawo. Ine ndinali nditakhala pabenchi kumbuyo kwawo kwenikweni, moti ndikanatha kuwagwira. Ndinangoti chete. Pamenepo mnansi uja anadzuka n'kunena kuti mpope wake unabwerekedwa ndi a pabanja lomwelo, ndipo anandiloza.

Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana. Anthu ambiri sanakhulupirire kuti apongoziwo sankadziwa. Ankati anagwirizana ndi mkamwini wawo, manje alumbira bodza m'nyumba ya Mulungu. Anawachotsa pa udindo umene anali nawo mumpingo.

Madzulo ake anakumba dzenje n'kutayamo vinyo yense wotsala. Ndinapita kukagwada pakhomo pawo, mkazi wanga ali pambali akulira. Ndinkafuna andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangoti, "Aphunzitsi, za kupopera ndamva, munatopa. Koma pamene ndinanyamula Baibulo paja, munalephera ngakhale kundikoka malaya?"

Ndinapita ndekha kwa akulu a mpingo kukaulula kuti apongozi sankadziwa kanthu, koma mawu obwera mochedwa anthu amawatenga ngati kuphimbirana kwa pachibale. Chidede analima chaka chinanso chimodzi, palibe anagula ngakhale botolo. Manje pamalo paja pali chimanga.

Inu owerenga, mankhwala a thonje ndi a thonje, musawayandikize pa chimene munthu adzadya kapena kumwa. Munthu akakusiyirani ntchito yake, igwireni mmene iye amaigwirira, ndipo ikakukanikani nenani. Koma chachikulu n'chakuti mukalakwa, ululani msanga wosalakwa asanayambe kukuikirani kumbuyo. Ine ndinali ndi miyezi iwiri yoti ndinene mawu ochepa chabe, ndipo ndinasiya mkulu woona mtima atchedwe wabodza pamaso pa mpingo wonse.